Sikopu yotchipa yoonera nyama patali, musathamangire zoom

Anthu akhala akundifunsa pa WhatsApp za spotting scope, chija chooneka ngati mbali imodzi ya mabayinokula koma chachikulu, chimene timachiimika pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, eti ndi iti yabwino kwa munthu wa thumba lochepa. Ine ndimangoti musagule chifukwa cha nambala ya zoom yolembedwa pabokosi.

Mukaona 20-60x80 ndiye kuti imakulitsa chinthu kuyambira ka 20 mpaka ka 60, 80 uja ndi kukula kwa galasi lakutsogolo mu mamilimita. Ogulitsa amakutamirani 60 ameneyo, koma kuno ku Chikwawa ndi Nsanje mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, nthaka imatulutsa mpweya wotentha moti zinthu zakutali zimaoneka ngati zili pansi pa madzi oyenda, ndiye sikopu ikakulitsa gwape ka 60 imakulitsanso kugwedezeka konseko ka 60, mumangoona chinthu chofiirira chikunjenjemera osadziwa kaya ndi nyama kaya ndi chulu. Dzuwa likangokwera basi mumabwerera pa 25 kapena 30 mufune musafune. Chinanso ndi kuwala. Gawani 80 ndi 60 mupeza 1.3, amenewo ndi mamilimita a kuwala kolowa m'diso lanu, kochepa kwambiri, pomwe nyama zimatuluka m'bandakucha ndi madzulo kachisisira. Nchifukwa chake ya 15-45x65 kwa ine ndi yokwana, yopepuka, imalowa mu chikwama nkukwera nayo kabaza bwinobwino.

Ndalama zanu ziikeni pa galasi. Yang'anani mawu oti fully multi-coated, kutanthauza kuti magalasi onse anakutidwa kangapo ndi zothandiza kuwala kudutsa bwino, osati coated yekha, komanso prism, kagalasi kotembenuza chithunzi mkatimo, ikhale ya mtundu wa BaK-4. Sikopu ya galasi lapadera lotchedwa ED imachotsa timizere tofiira ndi tabuluu tomwe timaoneka m'mbali mwa kakowa akaima padzuwa, koma mtengo umakwera ndithu. Za Swarovski, Zeiss ndi Leica tisazikambe, mtengo wake ndi wina. Celestron Ultima, Bushnell kapena Vortex Diamondback ndi zomwe munthu angafikire, makamaka ngati muli ndi wachibale ku Johannesburg woti akugulireni, kungoti muwerengeretu za msonkho pa boda.

Ikhale waterproof yothiridwa mpweya wa nitrogen mkati, apa musanyengerere. Fumbi la ku Ngabu limalowa paliponse, ndiye mvula ikayamba chinyezi cha ku Elephant Marsh chimabweretsa chuku mkati mwa galasi, ndipo chikalowa palibe chopukuta. Mukamagula yogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook, yatsani tochi ya foni muunike kutsogoloko, mukaona tinthu tonga ulusi mkati isiyeni ngakhale akutsitsireni bwanji. Ovala magalasi funsani eye relief, mtunda womwe diso lingatalikire ndi galasi loonerapo nkumaonabe chithunzi chonse, isachepere mamilimita 15.

Tripod anthu amaiiwala, amathera ndalama zonse pa sikopu kenako nkugula kamiyendo ka pulasitiki ka foni, kamphepo pang'ono chithunzi chonse chagwedera. Bola sikopu yapakatikati pa tripod yolimba. Ndipo ngati ulendo wanu ndi wa mu bwato kuchokera pa Mchacha James kukaona atsekwe, nkhwazi ndi mvuu, sikopu siikuthandizani konse, tengani mabayinokula a 8x42, sikopu imafuna pouma pokhazikika.

Kwa inu amene mukuifunira zosaka, izi zimandikhudza kwambiri. Ku Lengwe, Majete ndi Mwabvi sikosakako, ndipo ngakhale kunja kwa malo amenewa pamafunika layisensi ya ku Department of National Parks and Wildlife, mfutinso ikhale ya mapepala. Lamulo linasinthidwa mu 2017, pa nyama ngati njovu, chipembere ndi ngaka munthu atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Ku Majete nyama zinali zitatsala pang'ono kutheratu, bungwe la African Parks litalowa mu 2003 ndi pomwe zipembere, njovu ndi mikango zinabwezeretsedwa, sitikufuna kubwereranso kumeneko. Ntchito ya sikopu kwa mlenje wa layisensi ndi kuona kaye bwinobwino, ndi nyama yanji, yaimuna kapena yaikazi, ili ndi mwana kapena ayi, komanso kuseri kwa tchireko kulibe m'busa wa ng'ombe kapena mayi wotola nkhuni, poti madambo athuwa anthu amayendamo tsiku lonse.