Ndatuluka m'chipatala, zikomo amake mapasa

Abale ndi alongo, ndafika kunyumba dzulo madzulo. Bondo lamanzere analichita opaleshoni, anaikamo lachitsulo, ndipo m'mawa uno ndayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde mpaka pageti. Ndatopa, bala likuwawa, koma ndati ndisagone ndisanathokoze. Ambuye alemekezeke.

Woyamba kumuthokoza ndi mpongozi wanga, amake mapasa. Inu amene mumati mwana wanga analakwa kukwatira Mshona, bwerani mudzaone amene akundisambitsa.

Mukudziwa nonse kuti bondoli ndakhala nalo zaka. Ine ndinkangoti ndi nyamakazi ya ukalamba, nanga amayi anga sankadandaula zomwezo? Ndikadzuka linkauma, ndikayendayenda pang'ono n'kumasuka, ndiye ndinkati palibe nkhani. Ndinkathowa ndi madzi otentha, kumwa mapilitsi, n'kukwera kombi, minibasi zathu zija, kuchoka kuno ku Mufakose mu Harare kukapikula tomato ku Mbare Musika. Mphini nazo ndinatemera, musaseke, zipsera zilipo. Msika uja utapsa mu Okutobala 2024 ndinakhala pakhomo miyezi ingapo, thupi linabwera, ndipo bondo linangoti tsopano tionana.

Amake mapasa sanakangane nane. Ankangoona n'kumasunga mumtima. Tsiku lina usiku anandipeza nditakhala pamphepete pa bedi ndikusisita bondo, anagwada pansi n'kunena ndi Chichewa chawo chopindikapindika chija kuti, "Amayi, ndiloleni ndikuwerengereni." Anayamba kupinda zala. Kale linkawawa mukayenda, pano likukudzutsani muli gone. Kutchalitchi munasiya kugwada, mumapemphera chokhala. Kuchimbudzi simukutha kunyonyomala, mumagwira khoma. Mukamaimirira limalira ngati munthu akukukuta chimanga chokazinga. Kawiri konse lakufookerani pokwera kombi. Kenaka anandiimika pagalasi, anakweza chitenje changa pang'ono. Mwendo unali utachita matewe, ine mwini wake osadziwa. Ndinalira, osati chifukwa cha ululu ayi, koma manyazi kuti mwana wa eni ake ankalidziwa thupi langa kuposa ine.

Ndi iwowa anakandikhalira pamzere kuchipatala mbandakucha. Pojambula X-ray anandiuza kuti ndiimirire, akuti bondo lisenze thupi kuti mpata wa pakati pa mafupa uoneke mmene ulilidi. Adokotala anaika chithunzi poyera n'kundilozera. Kunsonga kwa mafupa kumakhala chicherewecherewe choterera chimene chimachititsa kuti asakhulane. Changa mbali ya mkati chinali chitatha, fupa likugunda fupa linzake, m'mphepete mutamera timafupa tosongoka. Anati matendawa dzina lake osteoarthritis, amawayeza kuyambira pa 0 mpaka 4, ndipo ine ndinali pa 4. Bondo lamanja lili pa 2. Koma anandifunsanso mafunso omwe aja a amake mapasa, za tulo, za kuyenda, za kuvala, ati chithunzi chokha sichigamula, chifukwa ena chithunzi chimaoneka choipa koma akuyenda bwinobwino. Chimene chinawakwiyitsa adokotala ndi mapilitsi. Diclofenac ndinkamumwa ngati mtedza, osadziwa kuti akachuluka amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Mwamwayi magazi anaonetsa kuti impso zanga zikadali bwino.

Sanathamangire mpeni. Miyezi ingapo ndinali pa mafizo, kulimbitsa minofu ya ntchafu, ndi kuchepetsa thupi, poti akuti kilogalamu imodzi ikachoka, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu 4 pa phazi lililonse limene waponda. Apa ndiye tinadana ndi amake mapasa! Nsima mitanda itatu inasanduka umodzi. Shuga mutiyi anabisa. Ndodo ndinkagwirira kumanzere komwe kukuwawako, iwo n'kumandilanda kundipatsa kumanja, ati imagwiridwa mbali ya mwendo wabwino. Ndinawanenera mawu oipa masiku amenewo, Mulungu andikhululukire, ndipo inunso apongozi mundikhululukire pamaso pa anthu onsewa. Bondo lamanja linamva, lamanzere linakana, m'pamene anati basi opaleshoni.

Ndalama zake musandifunse, mutu ungakupwetekeni. Zikomo mwana wanga wa ku Johannesburg, zikomo amayi a Chigwirizano a mpingo wathu wa CCAP, munasonkha kawiri osanyinyirika. Anzanga a pamsika, abusa amene munabwera kudzapemphera usiku wa opaleshoni, anamwino a usiku aja, mnyamata wa galimoto amene anakana ndalama ya mafuta, Mulungu abwezere pamene mwachotsa.

Ena paja mumakonda kunena pamaliro kuti chibale ndi fupa sichiola. Ine fupa ndaliona ndi maso anga pa X-ray, limaperepeseka. Highfield ndi mu Harare momwemuno, si kutali ngati ku Dedza. Foni yanga sinasinthe nambala. Sindikutchula munthu, ndipo mukabwera tiyi mumwa, wopanda shuga.

Amake mapasa anagona pampando masiku onse ndili m'chipatala, ana atawasiya kwa amayi awo ku Mabvuku. Tsiku lotsatira opaleshoni, a mafizo atati ndiimirire, ndinkanjenjemera ngati mwana wophunzira kuyenda, iwo ali kutsogolo kwanga manja atatambasula, akuti "Bwerani amayi, bwerani." Ambuye, mwana ameneyu mumusunge, mawondo ake adzafike ukalamba ali olimba.

Amene mukufuna kudzandiona bwerani masana, m'mawa ndimakhala pa mafizo. Ndasiyira pano, akundiitana kuti ndikapinde bondo, ndipo akuti lero tiwerenga mpaka 20.