Ndinkafuna 4K, ndinabwerera ndi 1440p: mmene ndinamangira kompyuta ya magemu ku Mzuzu

Miyezi yonse imene ndinkasunga ndalama, m'mutu mwanga munali sikirini ya 4K basi. Laputopu yomwe ndinkasewererapo inali itatopa. Ukangotsegula mpira fani yake inkalira ngati chigayo, osewera n'kumayenda modukizadukiza ngati agwidwa nyamakazi. Ndinalumbira kuti ndikadzamanga kompyuta yangayanga, sikirini yake idzakhala yoti udzu wa pabwalo uziwerengeka umodziumodzi.

Amene anandibweza ndi achimwene ena okonza makompyuta m'tauni muno. Ndinawapatsa pepala lomwe ndinalembapo zofuna kugula. Anayang'ana graphics card, khadi yopanga zithunzi mu kompyuta, yomwe thumba langa likanakwanitsa, anayang'ana sikirini ya 4K, n'kundibwezera pepala lija.

"Amwene, ngolo mwasankha yaikulu bwino. Koma yokoka ndi thole."

Anatsegula kalikuleta pafoni. Chithunzi cha pa sikirini ndi timadontho, ndipo kadontho kalikonse graphics card imayenera kukapenta. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600. Ya 1440p ndi 2560 ndi 1440, tonse 3,686,400. Ya 4K ndi 3840 ndi 2160, tomwe ndi 8,294,400, ndendende kanayi kuposa 1080p. Ntchito yopentayo khadi siigwira kamodzi ayi, imaibwereza ka 60 kapena kuposa pa sekondi iliyonse. Ndiye ukagula 4K khadi ili yofooka, umakakamizika kutsitsa gemu kubwerera ku 1080p, timadontho unalipira tija tili phee.

Tsiku limenelo ndinang'amba pepala lija n'kuyambira kumene ndinayenera kuyambira, pa sikirini.

Tebulo langa ndi lopapatiza, anakhoma akalipentala a ku Chibavi, moti ndikakhala pampando sikirini ndimaikhudza nditatambasula mkono. Pa mtunda umenewo mainchesi 27 ndi okwanira, 32 umayamba kupotoza khosi. Koma kukula kokha sikunena kanthu. Sikirini ya mainchesi 27 ikakhala ya 1080p, pa inchi imodzi pamakhala timadontho pafupifupi 82, ndipo zilembo zimaoneka zamanomano. Mainchesi omwewo pa 1440p ndi timadontho pafupifupi 109, zilembo zosalala. Amene ndalama zikumuchepera ndi bwino agule 1080p ya mainchesi 24, yomwe ili pa 92, kusiyana n'kutengeka ndi chisikirini chachikulu chopanda kanthu mkati.

Nambala ina yomwe sindinkaiganizira n'komwe ndi ya Hz, yomwe imanena kuti sikirini imasintha chithunzi kangati pa sekondi. Ya muofesi imakhala 60Hz, chithunzi chilichonse chimakhala mamilisekondi 16.7. Ya 144Hz ndi 6.9. Papepala zimaoneka ngati zachabe, koma achimwene aja anandikhazika pa sikirini ya kasitomala wawo n'kundiuza kuti ndingoyendetsa mbewa ya kompyuta mozungulira. Kamuvi kankayenda ngati kathiridwa mafuta. Pa magemu othamanga, kusalala kumeneku ndinakukonda kuposa timadontho ta 4K tomwe ndinkalota.

Panatsala mtundu wa galasi lake. TN ndi yotchipa komanso yachangu, koma ukaiyang'ana cham'mbali mitundu imasuluka. Kwathu Loweruka anyamata amadzaza pa bedi ndi pa mkeka kudikira nthawi yawo yogwira padi, ambiri amaonera cham'mbali, ndiye TN inagwa pomwepo. VA ili ndi mdima wakuda bii, wokongola, kungoti zina zimasiya chimthunzi zinthu zikamathamanga m'malo amdima. Ndinakhazikika pa IPS, yomwe mitundu yake sisuluka kwambiri cham'mbali, mainchesi 27, 1440p, 165Hz, yokhala ndi FreeSync yothandiza kuti chithunzi chisamang'ambike pakati.

Sikirini itadziwika, khadi inadzisankha pakati pa ziwiri. RTX 4060 yatsopano, yomwe inatuluka 2023, ili ndi memory ya 8GB ndipo imadya mawati 115 okha. RX 6700 XT ndi ya 2021, memory 12GB, koma imadya mawati 230. Apa ndinakhala sabata ndikudzitsutsa. Munthu wogula mayunitsi a magetsi ndi thumba lake sangaseke kusiyana kwa theka lathunthu. Komabe pa 1440p magemu atsopano ena amaidzaza 8GB, ndipo 6700 XT ndi yamphamvuko. Mwayi unali woti mnyamata wina womaliza maphunziro ku Mzuni ankagulitsa yake, ndiye ndinakwera kabaza kupita ku Luwinga.

Khadi yogwiritsidwa kale ntchito siigulidwa ndi maso okha. Zambiri zinakhamukira pamsika Ethereum, ndalama ya pa intaneti, itasiya kukumbidwa ndi ma graphics card mu Seputembala 2022, ndipo zina mwa izo zinali zitayaka usana ndi usiku kwa zaka. Ndinamupempha aiyike mu kompyuta yake, titsegule gemu yolemera, tikhale ola lathunthu. Ndinkayang'ana kutentha, ndinkamvetsera mafani ngati akukhulana, ndinkasuzumira pa sikirini ngati patuluke timizere kapena timabokosi tachilendo. Titazimitsa ndinaipendeketsa kuona timabawuti takumbuyo ngati tinamasulidwapo, ndinainunkhiza. Mnyamatayo anaseka, koma chinthu chopserera sichibisa fungo. Ndinatenganso tepi n'kuyeza kutalika kwake ndisanagule bokosi la kompyuta, poti makhadi ena salowa m'mabokosi ang'onoang'ono.

Zotsalazo sizinandichedwetse. Processor, ubongo wa kompyuta, ndinatenga Ryzen 5 5600, ya ma core 6, yodya mawati 65, yomwe imabwera ndi fani yake m'katoni. Imakhala pa soketi ya AM4 yomwe imayendera RAM, memory yomwe kompyuta imagwirira ntchito, ya DDR4. Ya AM5 ndi yatsopano ndithu, koma imafuna DDR5 ndi motherboard (bolodi yomwe zonse zimalumikizidwapo) yodulirapo, ndipo ndalama imeneyo ndinaona kuti ikagwire ntchito kwina. Motherboard B550, RAM timitengo tiwiri ta 8GB m'malo mwa kamodzi ka 16GB chifukwa tiwiri timayendera njira ziwiri nthawi imodzi, SSD yosungiramo magemu ya NVMe ya 1TB. Musaione ngati yaikulu 1TB imeneyo, magemu ena masiku ano amapitirira 100GB imodzi. Ndipo amene anayesapo kukopera 100GB pa bandulo akudziwa chifukwa chake kuno hard drive imayenda khomo ndi khomo ngati mtondo wobwereka.

Pa power supply, yomwe imagawa magetsi mu kompyuta, ndiye musamane ndalama. M'mashopu mumapezeka zopepuka ngati chitini chopanda kanthu, zolembedwa mawati ambirimbiri. AMD imanena kuti 6700 XT ikhale ndi ya mawati 650, ndipo ndinafuna ya kampani yodziwika, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze ndi zingwe zokwanira khadiyo popanda timaadaputa. Chinthu chimenechi chikapsa sichipita chokha, chimatenga anzake.

Kupeza katunduyu inali nkhani ina. Kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chinthu chochokera kunja suugonera. Kuitanitsa pa intaneti kumafuna ndalama zakunja zomwe n'zovuta kupeza. Amene anandipulumutsa ndi alamu anga, amene amapita ku Dar es Salaam kukapikula zitenje. Ndinawalembera nambala yeniyeni ya chinthu chilichonse, osati dzina lokha, ndipo izi zinathandiza. Shopu yoyamba ku Kariakoo, ku Dar komweko, anawaonetsa sikirini yokhota, yowala kumbuyo, akuti ya magemu yeniyeni. Ndinawaimbira pa WhatsApp.

"Alamu, tandionetsani kapepala komata kumbuyoko."

Inali 1080p, 75Hz. Shopu yachitatu ndi kumene tinaipeza yoyenera. Ndinawapempha kuti ogulitsa aiyatse, aike chithunzi choyera chokhachokha, kenako chakuda, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu, iwo ayang'anitsitse ngati pali kadontho kakufa. Alamu anadandaula kuti ndawasandutsa dokotala wa maso, koma anachita. Malisiti onse anasunga chifukwa pa chipata cha Songwe a MRA amafuna kuona mtengo wa katundu powerengera msonkho, ndipo msonkhowo uwerengereni mu bajeti musanatume munthu. Sikirini inayenda m'katoni yake, itaima chilili pakati pa mabelo awiri a zitenje. Usiku umene basi inkakwera phiri la Chiweta ine sindinagone.

Kulumikiza ndinachita Lamlungu masana, motherboard nditaigoneka pa katoni yake. Processor ya AM4 ili ndi timiyendo tagolide kunsi kwake tomwe timapindika msanga. Pakona pake pali kachizindikiro ka makona atatu, umakalozetsa ku kanzake ka pa soketi, n'kuisiya igwere yokha osaikankha. RAM ndiye imafuna mphamvu mpaka imveke kuti thapu, ndipo timitengo tiwiri timalowa m'mabowo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku processor. Zonsezi zili m'kabuku ka motherboard komwe ambiri timataya. Chinanditopetsa ndi timawaya ta batani loyatsira, tating'ono ngati udzu, moti ndinachita kuunikira ndi tochi ya foni nditailuma pakamwa.

Ndinadina batani. Mafani anazungulira, timagetsi tinayaka. Sikirini inangolemba kuti palibe chomwe ikulandira.

Ndinazula RAM, ndinabwezera. Ndinazula khadi, ndinabwezera. Thukuta linatuluka ngakhale kunja kunali chifunga cha Juni. Mayi akunyumba anaima pakhomo atapinda manja.

"Bambo, ndiye ndalama zonse zija mwagula fani yowala?"

Ndinaimbira achimwene aja mawu akunjenjemera, ndikuganiza kuti mnyamata wa ku Luwinga wandipusitsa. Funso lawo linali limodzi: "Chingwe cha sikirini mwalowetsa pati, pamwamba kapena pansi?" Ndinali nditalowetsa pamwamba, pa motherboard. Ryzen 5 5600 ilibe mbali yotulutsa chithunzi mkati mwake, yomwe ili nayo ndi 5600G. Mabowo a pa motherboard anali akufa, chingwe chinayenera kulowa pa graphics card m'munsimo. Nditasintha, chithunzi chinabwera.

Manyazi achiwiri ananditengera sabata kuti ndiwazindikire. Ndinkauza aliyense kuti aone kusalala kwa 165Hz, pomwe Windows inali itaisiya pa 60Hz. Umayenera kupita wekha ku Settings, System, Display, Advanced display n'kusankha nambala yapamwamba. Nditapitako ndinapeza ikuthera pa 144, chifukwa bowo la HDMI la sikiriniyi ndi la 2.0. Chingwe cha DisplayPort, chomwe chinali m'katoni nthawi yonseyi, ndi chomwe chinatsegula 165. RAM nayo inkayenda pa 2133 ngakhale pakatoni analemba 3200, mpaka nditalowa mu BIOS, ma settings a motherboard, n'kuyatsa XMP yomwe imayendetsa RAM pa liwiro lake lonse.

Tsono magetsi. Izi mavidiyo a anthu akunja sanena, chifukwa kwawo sazimazima. Ndinali ndi ka UPS, kabokosi ka batire kopereka magetsi akazima, ka 650VA komwe kankasunga kompyuta yakale ya muofesi, ndipo ndinkaganiza kuti 650 imeneyo ikufanana ndi 650 ya power supply. Ayi ndithu. VA si mawati. Ukawerenga kumbuyo, ka UPS kotere kamapereka mawati osafika 400, pomwe khadi, processor ndi sikirini zikakoka pamodzi zimafika cha pomwepo. Tsiku loyamba magetsi atazima ndili pakati pa gemu, kanalira kamodzi n'kuzima limodzi ndi zonse. Ndinagula ya 1500VA, yolembedwa mawati 900. Siyosewererapo mumdima, ndi yongokupatsa mphindi zochepa usunge gemu n'kuzimitsa mwaulemu. Nyengo ya mvula ziphaliwali zikayamba ndimazula pulagi kukhoma, sindidalira chilichonse.

Kuzizira kwa Mzuzu kuli ndi ubwino wake, mafani sakuwa ngati mmene akanachitira ku Karonga kapena ku Nkhata Bay. Koma bokosi ndinalichotsa pansi n'kuliika pa kasitulu, chifukwa simenti ya kuno imatuluka chinyontho, ndipo Okutobala akafika fumbi limadzaza timasefa takutsogolo.

Loweruka lapitali tinali asanu m'chipinda. Msuweni wanga ankanditsogolera 2 kwa 1, mphindi ya 80, magetsi n'kuthima. Sikirini inakhalabe yowala, UPS ikulira pii, pii. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, iye anandigwira mkono.

"Achimwene, musayerekeze. Zatsala mphindi khumi za mu gemu, batire ikwanitsa."

Inakwanitsa. Anandimwetsanso chachitatu.