Ufa wa azakhali ku Moatize

Ndinanyamuka ku Ulongue m'mamawa kukuzizira, nditasenza thumba la mbatata ya kachewere yokapatsa azakhali anga amene akhala ku Moatize, tauni ya migodi ya malasha ku Mozambique, kwa zaka zambiri. Chapa (minibasi) yathu itadutsa pa Mussacama n'kuyamba kutsetserekera ku chigwa cha Zambezi, kamphepo ka kwathu ku Angónia kanatsala m'mbuyo, mitengo ya malambe inayamba kuoneka, ndipo aliyense anavula juzi.

Tikuyandikira tauni ndinaona milu ikuluikulu yotuwa imene ndinkayesa mapiri, koma bambo amene ndinakhala nawo pampando anandiuza kuti ndi dothi ndi miyala zofukulidwa m'migodi. Kuno amafukula nthaka yonse kuchokera pamwamba, n'kumaphulitsa miyala mpaka atafika pa malasha.

Azakhali ndinawapeza akuanula ufa. Anauyanika pamphasa m'mawa uli mbuu, koma pofika masana unali utachita timadontho takuda, ngati wina wawazamo phulusa la makala. Anatapa pang'ono m'dzanja n'kundionetsa, amvekere, "Taona mwanangu, nsima yathu kuno ndi imeneyi." Ndinadutsitsa chala pawindo ndipo chinabwerako chili bii. Mtsuko wa madzi akumwa amauvundikira ndi mbale n'kukulungaponso chitenje, komabe fumbilo limapeza polowera. Zinandipweteka mtima kuona mayi amene anandilera akusefa ufa kawiri pamene mdzukulu wawo akutsokomola pakhonde.

Mbiri ya malowa ndi yodziwika. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kutulutsa malasha kuno mu 2011, ndipo ntchitoyo isanayambe mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Mgodiwo unagulitsidwa ku kampani ya Vulcan mu 2022.

Usiku tulo sitinabwere chifukwa cha kutentha, choncho ndinagona chagada n'kumamvetsera sitima ya malasha ikudutsa, mabogi ake osatha kuwerenga. Njanjiyo imadzera m'Malawi mpaka kukafika kudoko la Nacala, ulendo wa makilomita oposa 900, ndipo gawo lalikulu la malashawo limakathera m'ng'anjo zosungunulira chitsulo kutsidya kwa nyanja. Ndili m'kati mokwiya choncho, maso anga anagwera pa malata a denga la azakhali. Malata amenewo ndi chitsulo. Khasu limene ndinalimira mbatata ija, njinga imene inandifikitsa pa siteji, misomali ya chitseko, chapa imene ndinakwera, zonsezi zinadutsa m'ng'anjo zoterozo, ndipo foni imene ndinkaunikira m'chipindamo ili ndi mkuwa wokumbidwa pafupi ndi khomo la munthu wina. Kwathu kumapiri timagula malata n'kumanyadira kuti tatukuka, koma fumbi lake limagwera mu ufa wa azakhali, ndipo ine ndikuona kuti amene akupuma fumbilo ndiwo anayenera kukhala oyamba kumva kukoma kwa chuma chimenechi.

M'mawa mwake ndinawathandiza kusuntha mipando kuti mphasa ikwane m'nyumba, popeza ufa wotsalawo anaganiza zouyanikira pabalaza, mawindo ali otseka. Pondiperekeza anandipatsa kathumba ka masawu ouma, n'kundilangiza kuti ndikawatsuke bwino ndisanapatse ana.