Nkhani za Pachitseko

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina wa zaka 43, mphunzitsi, kudzayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Ndinawayeza, zonse zinali bwino, iwo n'kuvala, n'kunyamula chikwama. Atagwira kale chitseko anatembenuka pang'ono, maso ali pansi. "Anesi, pali kankhani kena, kaya n'ka kuchipatala kaya."

Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba ndazolowera kuti mayi akagwira chitseko m'pamene chimene wabwerera chimatuluka. Ndinawapempha akhalenso pansi.

Chichirireni mwana wawo womaliza, zaka 6 zapitazo, mkodzo umawapulumuka. Akatsokomola, akayetsemula, akanyamula chinthu cholemera, ngakhale akangokweza mawu m'kalasi, pamatuluka timadontho, mwinanso kufika ponyowetsa zovala. Zimenezi anazinena mwachidule. Chimene anachedwapo ndi mmene anakonzera moyo wawo kuti munthu asadziwe. Amavala zakuda zokhazokha. Padi amavala mwezi wathunthu, osati masiku osamba okha. Madzi sakhudza kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Anzawo akamacheza n'kumafa ndi phwete, iwo amangomwetulira atapanikiza miyendo, moti ena amawatenga ngati munthu wonyada. Usiku amuna awo akawayandikira amanamizira mutu, chifukwa zinawachitikirapo kamodzi ali pamodzi ndipo manyazi ake sanawaiwale.

Ndinatenga pepala n'kuwajambulira. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mkodzo wokwana pafupifupi theka la lita. Njira ya mkodzo ya mkazi ndi yaifupi, masentimita 4 okha, pomwe ya mwamuna imafika pafupifupi 20. Pansi pa zonsezi pali minofu yoyalidwa ngati ukonde kuchokera ku fupa la kutsogolo kukafika ku fupa la kumapeto kwa msana, ndipo ndi imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Mimba ndi kubereka zimaitamula minofuyi, ndiye chifuwa chikakankha kuchokera kumwamba, chotsekera njira ya mkodzo chimagonja. Ndinawauzanso kuti kudzimana madzi kukuwonjezera mavuto, chifukwa mkodzo umakhala wochepa koma waukali, umanunkha kwambiri, umanyerenyesa chikhodzodzo, ndipo munthu amadzimbidwa n'kumadzikakamiza kuchimbudzi, komwe ndi kufooketsanso minofu yomweyo. Ndinawapatsa ntchito ya masiku 3: alembe nthawi iliyonse akamwa, akapita kokataya madzi, ndi pamene adontha, abwere nazo Lachisanu.

Lachiwiri anthu anali mbwee, ndipo ndinalibe mpata wodikira kuti aliyense afike pachitseko, ndiye ndinkafunsa ndekha. Kafunsidwe kake n'kamene ndinachedwa kukaphunzira. Kale ndinkati, "Kodi mumadzikodzera?" ndipo aliyense ankakana kwamtuwagalu. Ndani angavomere mawu amene timanenera mwana wonyowetsa pogona? Masiku ano ndimati, "Amayi ambiri akabereka, akatsokomola pamatuluka kamkodzo, nanga inu?" Mayi amayamba wakuyang'ana kaye, kenako n'kugwedeza mutu. Mmodzi tsikulo anali ndi matenda a m'njira ya mkodzo basi, akumva kutentha pokodza, ndipo mankhwala a masiku ochepa amukwanira. Wina ankadandaula ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Titamuyeza magazi tinapeza shuga amene iye sankamudziwa.

Lachitatu kunabwera agogo a zaka 71 ndi mwana wawo wamkazi. Funso lililonse limene ndinkafunsa agogowo ankayankha ndi mwanayo. Anali atagula kale matewera a akuluakulu, ndipo chimene ankafuna kwa ine ndi mafuta opaka pamene khungu lanyuka. "Ndi ukalamba, anesi, nanga titani." Sindimuimba mlandu, ndi iyeyo amene amachapa zofunda. Komabe ndinamupempha atidikire panja.

Titatsala awiri agogo analankhula bwinobwino. Vuto lawo ndi losiyana ndi la aphunzitsi aja. Iwo akatsokomola sipatuluka kanthu, koma mkodzo ukawapeza umabwera ndi liwiro losati n'kudikira. Akangomva madzi akutuluka pampopi, kapena akangofika pakhomo pochokera koyenda, basi zatheka asanafike kuchimbudzi. Apa minofu si imene yalakwa kwenikweni. Chikhodzodzo ndicho chimadzifinya chokha chisanadzaze. Usiku amadzuka kasanu, ndipo mwezi watha anagwa mumdima n'kuvulala bondo, koma mwana wawo anamuuza kuti anapunthwa masana. Kugwa kumeneku n'kumene kunandiopsa kuposa kunyowako, chifukwa munthu wa msinkhu uwu akathyoka fupa la m'chiuno, kawirikawiri sayendanso ngati kale.

Nditaona mankhwala awo ndinapeza kuti limodzi mwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ndi lija lokodzetsa, ndipo ankalimwa madzulo chifukwa m'mawa ankaiwala. Tiyi amamwa makapu angapo mpaka pogona. Adokotala anavomera kuti piritsilo lizimwedwa m'mawa. Tinagwirizananso zophunzitsa chikhodzodzo: mkodzo ukawapeza asathamange, aime kapena akhale pansi, afinye minofu ya pansi kangapo mpaka liwirolo litazizira, kenako ayende mwachifatse, ndipo mlungu uliwonse azitalikitsa nthawi yodikira ndi mphindi zochepa. Zimatenga milungu 6 kapena kuposerapo. Mankhwala oziziritsa chikhodzodzo alipo, monga oxybutynin, koma kwa okalamba sitimawathamangira chifukwa amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, ndipo ena amawasokoneza mutu. Mafuta aja ndinaperekabe.

Lachinayi linandichititsa manyazi ineyo. Kunabwera mayi amene ndinamuphunzitsa masewera olimbitsa minofu ya pansi miyezi 3 yapitayo, ndipo anati palibe chasintha ngakhale sanadumphitse tsiku. Ndinamupempha agone ndimuyeze, ndinalowetsa chala, n'kumuuza afinye. Anagwira mpweya, analimbitsa matako ndi ntchafu, n'kukankhira pansi ngati akubereka. Miyezi yonseyi wakhala akuchita zosemphana ndi zimene zimafunika. Komanso ankayeserera poimitsa mkodzo pakati nthawi iliyonse akakodza, zomwe si zabwino chifukwa chikhodzodzo chimazolowera kusatsanula zonse. Wolakwa ndinali ine. Tsiku lija mzere unali wautali, ndinangomuuza pakamwa kuti "muzifinya ngati mukuimitsa mkodzo", osamuyeza. Arnold Kegel, dokotala wa ku America amene analemba za masewerawa mu 1948, sankadalira mawu okha. Anali ndi kachipangizo koyezera mphamvu ya kufinyako kuti mayi aziona yekha ngati akuchita bwino. Ine chala chomwe ndinachisunga m'thumba.

Ndinamupepesa, tinayambiranso. Ndinamuuza achite ngati akubweza mpweya woipa pagulu, kenako akokere m'kati ndi m'mwamba, uku akupuma ndi kulankhula. Kachitatu ndinamva minofu ikugwira chala changa, mofooka koma moyenera. "Ndi pamenepo," ndinatero, iye n'kuti, "Pang'ono chonchi?" Inde, pang'ono chonchi, kasanu ndi katatu motsatizana, katatu patsiku, kwa miyezi ina 3, ndipo azifinyiratu akamva kuti chifuwa chikubwera.

Masana a tsiku lomwelo kunalowa mtsikana wa zaka 19 amene anakana kukhala pampando. Fungo linali litandiuza kale asanalankhule. Iye mkodzo sudikira chifuwa kapena kuseka, umangoyenda usana ndi usiku chichokereni pa uchembere umene unatenga masiku, mwana n'kubadwa wakufa. Mutu wa mwana ukakhalitsa panjira umafinya minofu pa fupa mpaka magazi osafikapo, malowo amafa n'kusiya bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera. Imeneyi ndi fistula. Tinathira madzi a buluu m'chikhodzodzo kudzera m'kapaipi, ndipo anatulukira kumene sayenera kutulukira. Apa masewera alibe ntchito, ndi opaleshoni basi, yomwe Catherine ndi Reginald Hamlin anaitsegulira chipatala chakechake ku Addis Ababa mu 1974 ndipo madokotala ambiri anaiphunzira kuchokera kumeneko. Mabowo ambiri amatsekeka. Ndinayala pulasitiki ndi nsalu pampando n'kumuuza kuti kalata yomutumizira sindilemba iye ali chiimire. Anakhala, koma m'mphepete.

Lachisanu aphunzitsi aja anabwera ndi pepala lawo, lolembedwa mwaukhondo ngati lejisita ya m'kalasi. Patsiku amamwa makapu awiri okha, koma kuchimbudzi amapita maulendo 13, ambiri mwa iwo ongoti mwina mkodzo ungawapeze pakati pa phunziro. Munthu wabwinobwino amapita kanayi mpaka kasanu ndi katatu. Ulendo uno sindinachite zapakamwa. Ndinawayeza, tinayeserera limodzi mpaka anapeza minofu yake. Anafunsa ngati zidzatheretu. Ndinawauza zoona, kuti ambiri amene amalimbikira amaona kusintha kwakukulu, ena amasiyiratu kudontha, ndipo zikakanika pali kachipangizo koika m'njira yoberekera kochirikiza chikhodzodzo, palinso opaleshoni.

Ananyamula chikwama, anafika pachitseko, anaimanso. Ndinaseka chamumtima.

"Anesi, abambo kunyumba akuganiza kuti ndili ndi wina. Pakamwa sindingathe kuwafotokozera. Mungandilembereko kakalata?"

Fomu ya zimenezo tilibe. Ndinang'amba pepala, ndinalemba mizere inayi yonena kuti mayiwa ali ndi vuto la minofu lobwera chifukwa cha kubereka, akulandira thandizo, ndipo bambo ali omasuka kubwera nawo ulendo wotsatira. Anawerenga kawiri, kenako anandibwezera pepalalo pamodzi ndi cholembera.

"Muwonjezerepo kuti si matenda opatsirana."