Zimene ndikuphunzira pomanga sauna m'nyumba yakale ku Kensington

Nyumba zakale za ku Kensington, Troyeville, Melville ndi Bez Valley kuno ku Johannesburg anazimanga kuti mphepo izidutsamo. Pansi pake ndi matabwa a Oregon pine okhala pamwamba pa mpata, m'munsi mwa makoma muli njerwa zoboola zolowetsa mpweya, ndipo siling'i yake ndi ya zitsulo zodindidwa maluwa, ili m'mwamba kupitirira mamita 3. Sauna imafuna zosiyana ndi zonsezi. Imafuna kachipinda kotsekeka, kofupika denga, kosunga kutentha kwa madigiri 80 kapena 90. Chimene chandidyera mutu m'miyezi ino ndi m'mene ziwirizi zingakhalire pansi pa denga limodzi popanda china kuwononga chinzake.

Ndikuphunzira ukalipentala kwa bambo wina wachikulire wa kwathu ku Kasungu, amene wakhala akukonza nyumba kuno kwa zaka zambiri. Ntchito imene tili nayo pano ndi ya nyumba ya m'zaka za m'ma 1920, ndipo mwiniwake akufuna sauna. Kwa amene simunaionepo, ndi chipinda cha matabwa chokhala ndi hita yotenthetsa miyala. Anthu amakhala pa mabenchi, n'kumathira madzi pang'ono pamiyalapo kuti nthunzi ikwere, thukuta lituluke. Kwawo kwa mwambowu ndi ku Finland, dziko la anthu pafupifupi 5.5 miliyoni koma lokhala ndi ma sauna okwana ngati 3 miliyoni, ndipo mu 2020 bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa. Kumeneko malo a sauna amawaganizira akamalemba pulani ya nyumba. Amene anamanga ya ku Kensington iyi sanalote n'komwe zoti tsiku lina muzidzafuka nthunzi yotere.

Mwininyumba ankafuna kuti tiike sauna pakona ya chipinda chogona, pafupi ndi bafa. Madala anakana mwaulemu. Pansi pa chipindacho ndi matabwa, ndipo madzi ongodontha pang'onopang'ono mlungu uliwonse angawoletse mitanda yapansi popanda wina kuona. Tinasankha kachipinda kakale kosungiramo zakudya kuseri kwa khitchini, kamene pansi pake ndi pa simenti ndipo khoma limodzi layang'ana panja.

Tisanatulutse tepi, madala anandiuza kuti, "Mphwanga, thabwa lidikire. Gwada kaye uone khomali."

Nditagwada ndinaona kuti penti yatupa kuchokera pansi kufika cha m'mawondo, ndipo pamene yasupuka pali ufa woyera ngati mchere. Pogogoda ndi chogwirira cha hamala, pulasitala ankalira ngati m'kati mulibe kanthu. Kunja, njerwa yoboola ija wina anaimata ndi simenti, mwina pothawa mphepo ya mu June. Ichi ndi chinyezi chokwera kuchokera m'nthaka. Njerwa zakale n'zofewa ndipo zambiri anazimanga ndi matope a laimu, motero zimamwa madzi koma zimawatulutsanso mphepo ikamaziwomba. Ukazimata ndi pulasitala wa simenti yolimba kapena penti yosadutsa madzi, chinyezicho chimasowa potulukira, chimakwera m'mwamba n'kukaphulikira pena.

Apa m'pamene nkhani ya sauna inayamba kundimvekera bwino. Mpweya wotentha umanyamula madzi ambiri kuposa wozizira. Ukakhudza chinthu chozizira umawasiya pomwepo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo usiku wa mu June ndi July chisanu chimagwa, khoma lakunja limazizira zedi. Ndiye taganizani nthunzi yochokera m'chipinda cha madigiri 85 ikupeza kampata n'kukafika pa njerwa zozizira zimene zili kale ndi chinyezi chakechake. Kunja matabwa azioneka bwinobwino, kumbuyo chuku chikumera, felemu ikuwola.

N'chifukwa chake tikumanga chipinda m'kati mwa chipinda. Khoma lakale taligumula pulasitala wowonongeka, tatsegula njerwa yoboola ija, ndipo tilisiya liume. Felemu ya matabwa ikuima payokha, yosiya mpata pakati pa iyo ndi njerwa kuti mphepo izidutsa. M'felemumo mukulowa rock wool, ubweya wopangidwa kuchokera ku miyala wotchinga kutentha, chifukwa sipsa ndipo sisungunuka. Polystyrene, pulasitiki yoyera yopepuka ija imene anthu ambiri amaikonda chifukwa chotchipa, ilibe malo pafupi ndi kutentha kotere. Pamwamba pa rock wool pakubwera foyilo ya aluminiyamu, mbali yonyezimira kuyang'ana m'kati, ndipo polumikizira paliponse, pakona paliponse, ngakhale podutsa waya, pomatidwa ndi tepi ya aluminiyamu. Kenako timitanda ta mamilimita ngati 20 tosiya mpata wina, ndipo pomaliza ndiye matabwa olowana amene munthu amawaona. Ntchito ya foyilo ndi yotopetsa ndipo ikatha palibe adzaione, koma ine ndaona kuti ndi pamenepo pamene mmisiri weniweni amadziwikira. Pakangotsala kabowo kamodzi pakona ya siling'i, nthunzi ikapeza.

Siling'i ya zitsulo ija sitikuikhudza. Tikumanga ina m'munsi mwake pa mamita 2.2. Poyamba ndinkafunsa chifukwa chake tikutaya malo onsewo, ndipo yankho ndinalipeza nditalemba masamu m'kope langa. M'kati mwa sauna mukhala mamita 2 m'litali ndi 1.6 m'lifupi. Denga likakhala pa 2.2, mpweya wofunika kutenthetsa ndi makyubiki mita 7. Tikanalisiya pa 3.3 ukanapitirira 10. Opanga mahita amawerengera pafupifupi kilowati imodzi pa kyubiki mita iliyonse, ndipo amawonjezera ngati pali galasi kapena njerwa zosakutidwa. Choncho chipinda chathu chikwana ndi hita ya 6 kW, pamene chachitalicho chikanafuna ya 9 kW. Komanso kutentha kumathamangira m'mwamba, ndiye denga likatalika munthu amakhala pa benchi mapazi akuzizira.

Kusiyana kwa 6 ndi 9 kumaoneka kochepa mpaka utatsegula DB board, bokosi logawa magetsi m'nyumba. Nyumbayi, monga zambiri za kuno, ili ndi magetsi a single phase a 230 V ndipo breaker yaikulu, switchi yodula magetsi akachuluka, ndi ya ma ampu 60 (60 A). Hita ya 9 kW imakoka pafupifupi 39 A. Giza ya 3 kW iwonjezere 13 A, wina ayatse ketulo ya 2 kW, ndi 9 A ina, mwadutsa kale 60 sitovu isanayake. Ya 6 kW imakoka 26 A, imasiyako mpata. Zamagetsi si ntchito yathu ndipo sitikuzigwira. Wabwera wamagetsi wolembetsedwa, amene akukoka waya watsopano kuchokera pa DB board mpaka pa hita, wokhala ndi breaker yakeyake, ndipo chigawo cholowa m'chipinda chotentha ndi waya wokutidwa ndi silicone. Iye akutsata SANS 10142-1, malamulo a kuno a kaikidwe ka mawaya, ndipo pomaliza apereka CoC, chikalata chotsimikizira kuti magetsi aikidwa motsata malamulo. Atakwera kudenga anapeza mawaya akale okutidwa ndi labala imene imangoyoyoka ukaikhudza. Ndimadandaula ndikamva anzathu ena akuvomera kulumikiza zinthu zolemera chonchi pa waya wa soketi pofuna kuti ganyu isawadutse. Nyumba ikapsa, woyamba kufunsidwa ndi iwe mlendo amene unagwira waya.

Palinso za malamulo zimene sindinkazidziwa ndisanayambe ntchitoyi. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999, ndime 34, limati nyumba yopitirira zaka 60 siisinthidwa kapena kugumulidwa popanda chilolezo. Kuno ku Gauteng chilolezocho chimachokera ku PHRA-G, bungwe la boma loteteza nyumba ndi malo akale m'chigawochi. Sauna imafuna kuboola khoma lakunja kuti mpweya uzituluka, choncho mwininyumba anayamba wafunsa kumeneko kudzera mwa wolemba mapulani wake. China ndi asbestos, imene dziko lino linailetsa mu 2008 koma ikadali m'nyumba zambiri zakale, m'masiling'i, m'mapaipi ndi m'malata ena. Madala salola kuti aliyense adule bolodi lotuwa losadziwika bwino ndi grinder. Fumbi lake limakhala m'mapapo ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka zambiri, munthu atabwerera kale kumudzi.

Nkhani ya mpweya inandivuta m'mabuku a opanga mahita, amene ndimawawerenga pa foni ndili mu taxi. Ndinkaona ngati kuboola mabowo m'chipinda chimene ukufuna chitenthe n'kutaya magetsi. Ndinafunsa kuti, "Madala, nanga tikuvutikiranji ndi foyilo ngati tiboolanso khoma?"

Iwo anati, "Kodi kwanu simunachepo fodya m'balani? Ukatseka mabowo onse, fodya amauma kapena amawola?"

Ndinamva pomwepo. M'balani mpweya umalowa m'munsi, umadutsa pa mapaipi otentha, umanyamula chinyezi cha masamba n'kutulukira m'mwamba. Mu sauna umalowera pafupi ndi hita kuti utenthe msanga, uzungulire, n'kutulukira ku khoma la kutsidya. Foyilo imaletsa nthunzi kupita kumene sitikufuna, mabowo amaitsogolera kumene tikufuna. Popanda mabowowo anthu amatuluka mutu ukuwawa chifukwa chopuma mpweya womwewomwewo, ndipo matabwa sauma akatha kugwiritsa ntchito. M'nyumba ngati iyi potulukira payenera kukhala panja penipeni. Ukangoutulutsira m'mwamba pakati pa siling'i ziwirizo, zitsulo zamaluwa zija zimene zakhala zaka pafupifupi 100 zichita dzimbiri.

Anzanga ena amene timakhala nawo ku Rosettenville amandifunsa kuti ndikudzivutitsiranji ndi chinthu chimene ife sitidzakhala nacho. Ine ndimawaonetsa khoma la kuseri kwa bedi m'zipinda zimene timachita lendi, lakuda ndi chuku nyengo yozizira ikafika. Chochititsa chake n'chomwechi: timaphika, kuwiritsa madzi osamba ndi kuyanika zovala m'chipinda chimodzi, mawindo otseka, mabowo a mpweya titawatseka ndi nyuzipepala, ndiye nthunzi imathera pa khoma lozizira. Ana amatsokomola nyengo yonse. Kungodziwa zimenezi kwandisintha m'mene ndikuganizira za nyumba imene ndikumanga pang'onopang'ono kumudzi, makamaka za pulasitiki yotchinga chinyezi pa fawundeshoni ndi mawindo a ku bafa.

Za matabwa ndiye zimene kalipentala amaziyembekezera. Madala anatenga kachidutswa ka paini wamba wa m'mahadiweya, n'kukaika pa sitovu yofunda pang'ono. Posakhalitsa pa mfundo panatuluka timadontho ta utomoni, tonyezimira, tomata. Pa siling'i ya sauna utomoni wotero umadonthera pamsana pa munthu uli wotentha. Choncho pa mabenchi pamafunika mtengo wopepuka, wopanda utomoni, wosasunga kutentha, monga obeche wa ku West Africa, aspen kapena alder. Pa makoma ambiri amakonda western red cedar, ngakhale mtengo wake ndi wokwera chifukwa amachokera kunja. Matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala oletsa kuwola a CCA saloledwa m'kati, vanishi ndi penti ayinso. Mabenchi timawamanga ndi masikuluu kuchokera pansi, kuti mutu wa chitsulo usakhudze khungu. Benchi yapamwamba ikhala pafupifupi mita 1.1 kuchokera ku siling'i, yapansi yokwera mokwanira kuti mapazi asakhale m'mpweya wozizira wa pansi.

Chitseko chimatsegukira kunja ndipo sichikhala ndi loko, kuti munthu akachita chizungulire angokankha. Hita imazunguliridwa ndi kampanda ka matabwa. Miyala ndi yogula, ya mtundu wa diabase. Ya kumtsinje ikhoza kukhala ndi madzi m'ming'alu n'kuphulika ikatentha.

Panopa felemu yaima ndipo rock wool yalowa mbali zitatu. Mbali ya khoma lakunja tikudikira kuti njerwa ziume, ndipo madala akumaziyeza ndi kamakina koyezera chinyezi asanalole kuti titseke. M'munsi mwa mbali imeneyo tisiya thabwa limodzi lomasuka ndi masikuluu, kuti nyengo yozizira ikadzatha wina adzathe kulichotsa n'kuunika kumbuyo ndi tochi.