Mmene ndinadzigwirira ndekha ndi mapu anga omwe

Nsapato zinayamba kusowa pamakomo a anthu kuno timakhalaku, koma osati peyala yonse ayi, imodzi imodzi basi. Lero yakumanzere ya amayi apakona paja, mawa silipasi ya mwana wa aneba, mpaka zinakwana 9 mmasabata atatu. Anthu anayamba kuyang'anana ndi diso lofiira, ena moni anasiya kupatsana.

Tsoka ilo ine nthawi imeneyo ndinali nditangowerenga za geographic profiling, njira yomwe apolisi amasakira munthu wopalamula milandu motsatizana pongoyang'ana malo omwe milanduyo yachitikira. Anaitchukitsa ndi Kim Rossmo, yemwe anali wapolisi wa ku Vancouver ku Canada, anachitira zomwezi PhD ku Simon Fraser University mpaka kupanga pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Rigel. Nzeru yake siyovuta: chigawenga nachonso ndi munthu, kaulesi kalipo, chimakonda malo omwe chimawadziwa nde milandu imanka nichepa ukamatalikira komwe chimagona. Koma pakhomo pake penipeni chimapalambalala kuopa kuzindikiridwa, kampata kameneko amati buffer zone. Ndinawerenganso kuti mu December 1980 wasayansi wina, Stuart Kind, anatenga malo ndi nthawi zomwe wakupha anthu wina wotchedwa Yorkshire Ripper anaukira anthu ku England nkunena kuti mkuluyu akukhala chakufupi ndi Bradford, ndipo mkuluyo, dzina lake lenileni Peter Sutcliffe, atagwidwa mu January 1981 anapezeka kuti kwawo nkomweko. Nde ine mumtima ndinati ngati zinatheka ndi wakupha anthu, wakuba masilipasi ndi ndani pamaso panga?

Ndinatenga kalendala yakale nkujambula mapu kuseri kwake, nyumba iliyonse kabokosi kake, mitunda ndimayeza ndi mapazi uku ndikuwerenga mokweza ngati wozungulira mutu. Pomwe pasowa nsapato ndimaikapo kadontho kofiira. Akazi anga anandifunsa kuti kodi bambo zimenezi mwamaliza kuziona bwinobwino? Ine ndinati mayi khalani phee, sayansi simuidziwa inu.

Apa mpomwe ndinalakwitsa, ndinaitana maneba onse ndisanajambule bwalo lomaliza, ndimafuna ndikalijambule pamaso pawo kuti aone okha kuti pano pali mutu. Anabweradi, ena atanyamula nsapato zotsala zija ngati umboni. Ndinafotokoza zonse mwamatama, za buffer zone ndinachita kubwereza kawiri, kuti nyumba yomwe siinabedwe koma yazunguliridwa ndi zobedwa imeneyo muiyang'anitsitse. Kenako ndinatenga njira ya David Canter, katswiri wa zamaganizo wa ku Britain, yoti utenge milandu iwiri yotalikirana kwambiri, ujambule bwalo lodutsa pa iwiriyo, nthawi zambiri wolakwayo amakhala mkati mwake. Ndinamanga ulusi ku pensulo, kuzunguliza bwinobwino, nkuika chala pakatikati.

Chala chinagwera pa nyumba yanga.

Kunangoti zii. Ndikayang'ana madontho ofiira aja azungulira kabokosi kanga ngati mpanda, kanga kokha ndi koyera mbee. Abambo ena achikulire anakonza kukhosi nkuti, "Achimwene, tabwerezaninso za bafa zoni zija, sitinamve bwino ife." Thukuta kamukamu. Ndinayesa kuzemba kuti njirayi siitchula munthu ayi, imangouza apolisi poyambira kufufuza, zomwe ndi zoona ndithu, koma mayi wa silipasi uja anangoti, "Eya, nde tiyeni tikayambire pomwepo."

Tinanyamuka gulu lonse, ine patsogolo ngati wogwidwa kale, mapu ali mmanja. Mnyumba sanapeze kanthu ndipo ndinayamba kupezako mpweya, mpaka kamwana kena kanakuwa kuseri kuti zili kunooo! Pansi pa matabwa akale galu wanga anakumba dzenje, ali gone pamwamba pa mulu wa nsapato, ina ili kukamwa, mchira ukugwedezeka ngati walandira alendo. Tinawerenga zinakwana 12 osati 9, kusonyeza kuti milandu itatu eni ake sanakanene nkomwe kkkk. Zonse zotafunidwa kuchidendene.

Chinandipweteka kwambiri nchoti galuyu buffer zone amaitsatira ndithu. Ali kamwana anatafunapo nsapato yanga yakuntchito ndipo ndinamukalipira koopsa, chiyambire tsikulo za pakhomo sakhudza, amakagwira ntchito kwa aneba mbandakucha nkubwerera kudzagona. Asayansi anayesapo njirayi pa shaki ndi njuchi, za agalu palibe anandichenjeza.

Ndinalipira mapeyala 12 athunthu, poti nsapato sagulitsa imodzi. Mapu aja abambo achikulire aja anakana kundibwezera akuti ndi umboni, ndipo mpaka lero kukasowa kanthu, kaya ndi sokosi pachingwe, amatuma mwana kuti kawafunse a bafa zoni ngati galu wawo wamangidwa.