Sefa ya Leahy: mmene akazembe a America amasankhira apolisi oti awathandize

Wapolisi wa ku Malawi, Zambia kapena Mozambique akasankhidwa kuti akaphunzire ku sukulu yophunzitsa apolisi a mayiko osiyanasiyana ya ILEA (International Law Enforcement Academy) ya ku Otse, pafupi ndi Gaborone m'dziko la Botswana, sangolongedza chikwama n'kukwera ndege. Sukuluyi imayenda ndi ndalama za boma la America, choncho dzina la wapolisiyo limayamba ladutsa pa sefa. Sefa imeneyi ndi lamulo la Leahy, ndipo pa njira zonse zimene akazembe amagwiritsa ntchito pokakamiza apolisi a mayiko ena kulemekeza ufulu wachibadwidwe, iyi ndiyo ili ndi mano ooneka.

Lamuloli lidatenga dzina la Patrick Leahy, yemwe adali phungu wa chigawo cha Vermont m'nyumba ya malamulo ya Senate ku America. Lidayamba mu 1997 pa thandizo lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, makamaka ku Colombia, kenako lidakulitsidwa kuti likhudze thandizo lina la asilikali ndi apolisi. Mfundo yake ndi yaifupi: ndalama za boma la America zisapite ku gulu la achitetezo la dziko lina ngati pali uthenga wodalirika woti gululo lidaphwanya kwambiri ufulu wa anthu. Milandu yomwe amayang'ana kwambiri ilipo inayi: kuzunza munthu mwankhanza, kupha munthu popanda chigamulo cha khoti, kusowetsa munthu, ndi kugwiririra pogwiritsa ntchito mphamvu za udindo.

Ntchito imayambira ku ofesi ya kazembe. Likulu la polisi limatumiza mayina a amene lawasankha, ndipo pa munthu aliyense pamafunika dzina lonse, tsiku ndi malo obadwira, udindo, komanso nthambi yeniyeni imene akugwirako ntchito. Kungolemba kuti "wapolisi wa m'chigawo chapakati" sikokwanira; akufuna siteshoni kapena kagulu kake. Ogwira ntchito kwa kazembe amalowetsa zonsezi mu kompyuta, n'kufufuza m'manyuzipepala, m'malipoti a mabungwe oona za ufulu wa anthu, m'zigamulo za makhoti ndi m'mafailo awo omwe. Akakhutira amatumiza ku unduna wa zakunja ku Washington kuti akasefenso kachiwiri. Mayankho amakhala atatu: wavomerezedwa, wakanidwa, kapena adikire kaye chifukwa pali chokayikitsa. Chilolezocho chimatha pakapita chaka, ndipo munthu akafunanso thandizo lina amasefedwa mwatsopano.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu ambiri sazimvetsa. Choyamba, "uthenga wodalirika" si umboni wa mulingo wa kukhoti. Lipoti la bungwe lodziwika bwino, kapena nkhani ya mtolankhani yogwirizana ndi zomwe mboni zina zanena, ikhoza kutseka chitseko. Chachiwiri, samangosefa munthu, amasefanso gulu lake. Wapolisi akhoza kukhala woyera ngati ufa, koma ngati anzake a m'kagulu komweko adaphera munthu m'chitokosi, iyenso sapita. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Ena amati kutero n'kulakwira osalakwa, koma ine ndikuona kuti mphamvu ya lamuloli yagona pomwepo, chifukwa limachititsa kuti mkulu wa gulu aone kuti kubisa wolakwa kukumutayitsa maphunziro, magalimoto ndi zipangizo.

Gulu lokanidwa lili ndi njira yobwererera. Boma liyenera kuonetsa kuti lafufuza mosakondera, laimba mlandu okhudzidwawo, ndipo lapereka chilango cholingana ndi kukula kwa mlandu. Kusamutsa wolakwa kuchoka ku siteshoni ina kupita ku ina si chilango. Chipukutamisozi chokhanso sichikwanira. Taganizirani nkhani ya ku Msundwe, komwe mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu lidalamula kuti amayi ndi atsikana 18 alipidwe chifukwa cha nkhanza zomwe apolisi adawachitira mu 2019. Chigamulo chotere n'chofunika kwambiri kwa olakwiridwa, koma funso la sefa ya Leahy ndi lina: kodi amene adachita zimenezi ndani, adali a gulu liti, ndipo adayankha mlandu?

Apa ndiye pamene sefa imabooka kawirikawiri. Malipoti ambiri amangoti "apolisi adamenya anthu" osatchula gulu, ndiye wofufuza akalemba dzina la siteshoni mu kompyuta sapeza kanthu, munthu n'kudutsa. Dzina limodzi limalembedwa mosiyanasiyana, pena ndi h pena wopanda, pena dzina la bambo patsogolo pena pambuyo. Maboma ochenjera amasintha dzina la gulu loipa, kapena amatola anthu m'magulu osiyanasiyana n'kupanga kagulu katsopano kopanda mbiri. Ku Nigeria boma lidathetsa gulu la apolisi olimbana ndi umbanda la SARS pa 11 Okotobala 2020 achinyamata atachita zionetsero, ndipo patangopita masiku ochepa lidalengeza gulu lina lotchedwa SWAT. Anthu adakayika nthawi yomweyo kuti mwina ndi anthu omwewo atavala malaya ena. Chaka chomwecho boma la Britain lidavomera kuti apolisi ena a SARS adachita nawo maphunziro olipiridwa ndi thandizo lake. Maphunziro paokha sasintha munthu amene akudziwa kuti palibe amene adzamufunse.

Vuto lina ndi tsankho. Lamuloli limagwira pa thandizo, osati pa zida zomwe dziko lagula ndi ndalama zake. Ndipo kwa mayiko omwe America imawadalira pa ndale, dzanja limapepuka. Leahy mwiniwake adadandaula poyera mu 2024 kuti lamulo lake silikugwiritsidwa ntchito pa Israel monga mmene limachitira kwina. Zimenezi zimapweteka, chifukwa mkulu wa polisi wa dziko losauka akauzidwa za ufulu wa anthu amakhala ndi poloza chala.

Komabe pamene chala chaloza gulu ndi anthu ake mwachindunji, zotsatira zimaoneka. Pa 10 Disembala 2021 America idaika ziletso pa gulu la achitetezo la Rapid Action Battalion la ku Bangladesh pamodzi ndi akuluakulu ake ena, pogwiritsa ntchito lamulo lina la Global Magnitsky, lomwe limatseka chuma cha munthu. Gululi linkadziwika ndi kupha anthu kenako n'kunena kuti afera pa kuwomberana. Ziletso zitangobwera, mabungwe oona za ufulu wa anthu adaona kuti imfa zotere zatsika kwambiri. Yerekezani ndi kudula thandizo la dziko lonse, monga mu Julaye 2011 pamene bungwe la boma la America lopereka thandizo la MCC (Millennium Challenge Corporation) lidaimitsa mgwirizano wa madola 350 miliyoni wa magetsi ku Malawi anthu pafupifupi 20 ataphedwa pa zionetsero. Uthenga udamveka ndithu, koma mdima umagwera wogulitsa pa msika, osati wowombera mfuti.

Tsono kwa mabungwe, maloya ndi atolankhani, ntchito ndi kulemba nkhani m'njira yoti sefa igwire. Lembani tsiku, ola ndi malo enieni. Lembani dzina la siteshoni kapena gulu, mtundu wa yunifomu, nambala ya galimoto, ndi dzina la amene ankalamula pamalopo ngati likudziwika. Ngati munthu adatsekeredwa, onetsani ola lomwe adalowa m'chitokosi ndi lomwe adafika kukhoti, popeza malamulo a Malawi amapereka maola 48 okha. Pezani lipoti la kuchipatala mabala asanapole, jambulani zithunzi tsiku lomwelo, ndipo mboni iliyonse ifunsidwe payokha kuti mawu awo asaoneke ngati ophunzitsana. Musapereke dzina la wolakwiridwa popanda chilolezo chake, makamaka pa milandu yogwiririra. Kope limodzi lipite ku Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission, lina kwa woona za ndale ku ofesi ya kazembe, lina lisungidwe kutali ndi ofesi yanu.